Kathumba ka Kumanzere

Tsiku la msika pa Kamwendo
ndinafukula mulu wa kaunjika mpaka pansi
ngati nkhuku yosaka chiswe.
Bulauzi iliyonse imene ndinatola
anasokera mkazi wa mawere awiri.
Ndinabwerako ndi tomato basi.

A Lipenga, telala wa pakhonde la golosale,
ndi munthu waulemu, sindikana.
Koma tepi yawo iyenera kuzungulira chifuwa,
ndipo pakhonde paja sipachoka anyamata a kabaza
oti akaona kanthu m'mawa
dzuwa lisanapendeke kafika kale ku Kapiri.

Ndiye ndinatuma Mwandida pa njinga
kwa mlamu wanga Felesiya ku Tembwe
akatenge makina aja opukusa ndi dzanja
amene akhala kunsi kwa bedi chimwalirire amayi awo.
Anafika atamangidwa ndi mphira,
akununkha fumbi ndi mphemvu.
Ndinawadonthezera mafuta ophikira, ena ndikanawatenga kuti?
Anatsokomola kawiri, kenaka anayamba kuyenda.

Bulauzi yanga yakale ya Chigwirizano
ndinaimasula ndi lezala, msoko ndi msoko,
n'kuiyala pa pepala la thumba la simenti.
Kumanja ndinalondola mzere wakale ndi khala.
Kumanzere dzanja linaima.
Palibe anandiphunzitsapo kujambula
malo a chinthu chimene chinatsala ku Lilongwe
m'mbale ya madokotala.

Yoyamba inakhota ngati mzere wolima mwana.
Yachiwiri inandiluma m'khwapa,
pomwe chipsera sichifuna kukhudzidwa.
Ndinaiponya kuseri kwa nkhokwe, ndinalira,
kenaka ndinakaitola n'kuikung'untha,
pakuti nsalu imeneyo ndinagulitsira mtedza
umene ndinaswa ndekha mpaka zala kutupa.

Yachitatu ndinasoka usiku, onse atagona,
tochi ya foni nditailuma ndi mano.
M'kati mwake, kumanzere,
ndinalumikiza kathumba kotsegukira m'mwamba,
kopanda zipi, kopanda batani,
kongodziwa ine ndi singano.

Ndinayamba ndi thonje.
Popita ku mjigo linakwera pang'onopang'ono,
pofika ndinali ndi bere paphewa.
Ndinayesa mchenga wa ku Bua,
unandikoka ngati mwana wofuna kuyamwa.
Zigamba zinachita mfundo ngati mbatata.

Mwandida, akupeta pabwalo, osandiyang'ana,
ndiye anati, "Amayi, bwanji mawere?"
Ndinati, "Iwe, ukundinena?"
Analoza m'lichero.
Tinayang'anana.
Tinaseka mpaka mbuzi zinadzidzimuka m'khola,
kuseka kwanga koyamba chichokere kuchipatala,
kopweteka m'nthiti, koma sindinakuletse.

Kapu imodzi ndi theka, m'kansalu kofewa.
Amalemera bwino, amatsata thupi ndikawerama,
amafunda ndikawavala kanthawi.
Bambo a Mwandida mpaka lero akudandaula
kuti makoswe awathera mbewu.

Tsiku la msonkhano wa amayi ndinaivala, yoyera mbuu,
nditaisita ndi makala a chisononkho.
Ndinaimba nditatukula manja onse awiri,
wakumanzere kufika pomwe umafika.
Amayi anayamikira kolala.
Ena anagwira mpendero, n'kufunsa mtengo wa ulusi.
Kolalayo ndi yopotoka, ndikudziwa ine,
koma maso awo anathera pomwepo,
ndipo ndinabwerera kunyumba wopanda chondifunda.

Patapita masabata atatu, chakumadzulo,
kunja kukutentha kwa Okutobala,
ndinamva "odi" wapansipansi.
Anali mayi wa ku Nkhwazi, a Namaseko,
amene timangopatsana moni ku chigayo.
Anadzifunda chitenje mpaka m'khosi, thukuta kamukamu,
kansalu kamaluwa atakapana m'khwapa.
Anati, "Ndamva kuti mumasoka."
Ndinati, "Ndimangoyesa, mizere yanga imakhota."
Anati, "Ikhote."

Ndinauza Mwandida akaone ngati nkhuku zalowa.
Ndinatseka chitseko, n'kutsitsa katani,
ndinatenga tepi pa msomali
n'kuifunditsa kaye m'manja mwanga.
Sindinafunse za chipatala, kapena za amuna awo.
Ndinangoti, "Mbali iti?"